Tsamba Lomwe Sindinatayipe

Lolemba m'mawa, 9 koloko isanakwane n'komwe, a Dokotala Spencer Mlenga anandiitana mu ofesi yawo n'kundiuza kuti nditseke chitseko. Patebulo pawo panali lipoti lomwe ndinatayipa sabata yapitayo, ndipo pambali pake panali kapepala kena komwe ankafuna kuti ndisayine.

Ine ndine Immaculata Likongwe. Ndinagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi m'Nyumba ya Malamulo kwathu, ku Zomba kenako ku Lilongwe, ndikulemba liwu lililonse lotuluka pakamwa pa aphungu. Chaka cha 2003 chinandipeza ku Nairobi, m'bungwe lina laling'ono lophunzitsa alembi a nyumba za malamulo. A Mlenga, Mmalaŵi mnzanga, ndiwo anali mkulu wa bungwelo.

Chaka chimenecho Akenya ankakonza malamulo aakulu atsopano oyendetsera dziko lawo. Nthumwi zinkakumana ku Bomas, kufupi ndi msewu wa Langata, ndipo komiti ina inali pa mkangano wakuti kodi pakhale nyumba yachiwiri, ya Seneti, yoti iziunikanso mabilu ndi mfundo za boma aphungu akamaliza nazo. Bungwe lathu linaitanitsa a Fraser Chimwenje kuchokera ku Zomba kuti akalankhule ku komitiyo. Bambowa anali mlembi wopuma pantchito, ndipo anathera zaka zitatu akukonza ndondomeko yoyendetsera Seneti ya kwathu, ija inachotsedwa m'malamulo mu 2001 isanakhalepo ngakhale tsiku limodzi. Anayenera kulankhula Lolemba lomwelo 2 koloko masana, komiti n'kuponya voti 4 koloko. Makope makumi asanu ndi limodzi a lipoti lawo anali atafika kale ku Bomas m'mawa womwewo.

A Mlenga anatsegula tsamba lomaliza, la 38, n'kundikankhira. Anati nthumwi ina yawaimbira foni modabwa, kufunsa ngati tinamutengera mkuluyu ku Malaŵi konse kuti adzaphe Seneti.

Ndinawerenga chilili. Tsambalo linkati zomwe zinachitika kwathu zikuonetsa kuti nyumba yachiwiri ndi mtolo chabe, imachedwetsa chitukuko, ndipo Akenya achita bwino kukhala ndi nyumba imodzi. Pansi pake panali siginecha ya a Chimwenje. Koma masamba 37 oyambirira ankanena zosiyana kotheratu ndi zimenezi, ndipo tsamba lomwe ndinatayipa ine linkapempha komiti kuti isabwereze kulakwa kwathu.

"Tsambali sindinatayipe ine," ndinatero.

A Mlenga anati iwo sakufuna kudziwa zambiri. Kapepala kaja kankati ndinasokoneza mafayilo pakompyuta, ndipo ndikupepesa. Anandilonjeza kuti ndikasayina palibe chondichitikira, bungwe lidzatumiza tsamba lolondola sabata yamawa mwakachetechete. Nditawakumbutsa kuti voti ndi ya lero, anayang'ana pawindo.

Ndinabweza cholembera chawo patebulo, ndinatenga lipotilo ndi kabuku kanga ka shotihandi, kolembamo mwachidule zonse zomwe anthu akulankhula, n'kutuluka.

*

A Chimwenje tinawapezera chipinda ku Madaraka, m'nyumba ya mayi wina wamasiye, Mama Achieng. Nditatsika matatu, minibasi ya kumeneko, pa Nairobi West ndinayenda mothamanga, ndipo ndinawapeza pageti atavala chipewa, kachikwama kali m'manja, ambulera ali m'khwapa.

Anandipatsa moni wonse bwinobwino, kufunsa za ana ndi za kuthamanga kwa magazi kwanga, kenako anati akupita ku Nakuru kukaona mwana wa mlongo wawo, popeza msonkhano wasunthidwa kufika Lachitatu. Ndikanachedwa ndi mphindi zisanu, ndikanapeza atakwera basi.

Ndinawafunsa amene wawauza zimenezo. Analoza kukhonde, komwe Mama Achieng ankayanika zovala.

Mayiyo sankakonda kufunsidwa kawiri. Analankhula mapegi ali kukamwa, Chiswahili chosakaniza ndi Chingerezi. Anati foni ya m'nyumba inalira dzulo masana iye akuchokera kutchalitchi. Anali mwamuna, sanatchule dzina, anangoti ndi wa ku ofesi ndipo auzidwe Mzee, kutanthauza a Chimwenje, kuti Bomas ndi Lachitatu. Ndinafunsa ngati mawuwo anali a mkulu kapena a mnyamata. Anati pafoni amuna onse ndi amodzi. Koma atatola beseni lake anaima.

"Ni mtu wa kwenu," anatero, kutanthauza kuti ndi munthu wa kwathu. "Potseka foni anati zikomo. Liwu lomwe Mzee amandiuza ndikamupatsa tiyi."

Ndinalemba m'kabuku. Mu ofesi yathu tinalimo Amalaŵi atatu basi: ine, a Mlenga, ndi Vitus, amene ankayendetsa mapulogalamu.

Kenako ndinawaonetsa a Chimwenje tsamba 38. Anakhala pansi pa sitepe, anavala magalasi, n'kuwerenga kawiri. Anati siginechayo ndi yawo ndithu, koma wina waidula pa kalata ina n'kuimata apa, chifukwa mchira wa chilembo chomaliza wadukira panjira. Atatero anaika chala pa mzere wachitatu.

"Mayi Likongwe, inu ndi ine tinalembapo dzina la dziko lathu chonchi?"

Ndinayang'ana. Pa tsambalo dzina la dziko lathu linalembedwa katatu, ndipo katatu konse w wake analibe kachipewa pamwamba. Ine ndinaphunzira ntchito kwa anthu omwe ankakubwezera pepala lonse ukaiwala kachipewako. Pa kompyuta yanga ndinachita kukonza batani lakelake. M'masamba 37 aja Malaŵi aliyense anali atavala chipewa chake.

Ndinawauza kuti abweze chikwama m'nyumba, avale suti yawo, ndipo asachoke ngakhale aimbe ndani.

*

Shopu yosindikiza ya Mutiso inali pa mzere wa mashopu a Nairobi West, pakati pa butchala ndi malo ometera. Ntchito zathu zonse ndinkapititsa kumeneko ndekha. Lipotili ndinalisiya Lachinayi, Lachisanu ndinakaona makope atamangidwa kale, ndipo anatsala m'makatoni kudikira dalaivala wathu Lolemba m'mawa.

Mutiso anali munthu woti ukamufunsa nthawi amayamba wakuuza komwe anagula wotchi. Anandilandira ndi manja awiri, n'kudandaula kuti bungwe lathu linamugwiritsa ntchito ya kalavula gaga Loweruka. Anati kunabwera bambo wina ndi disiketi ya kompyuta komanso kalata ya ku ofesi kwathu, yonena kuti tsamba lomaliza lisinthidwe m'makope onse. Anamasula makope makumi asanu ndi limodzi limodzilimodzi, zala mpaka kutupa.

Ndinamufunsa maonekedwe a munthuyo. Anati si wamtali si wamfupi, jekete yotuwa, kapu kumutu, nyuzipepala kumaso. Ndinamuuza kuti wafotokoza theka la amuna a mu Nairobi. Anaseka n'kunena kuti akamuona angamudziwe, chifukwa anakhala naye nthawi yaitali. Lole ina inagunda mtengo wa magetsi kuseri kwa butchala 2 koloko, magetsi n'kubwera 4 koloko, ndipo bamboyo anadikira pa benchi maola awiri onsewo osalankhula, tiyi n'kukana. Chomwe chinamupweteka Mutiso n'chakuti unali mzere wawo wokha womwe unazima. Tsidya lina la msewu mawailesi ankangolira.

Kalatayo anali nayo pa msomali. Inali pa pepala la bungwe lathu, ndipo pansi pake panali siginecha ya a Mlenga.

Ndinaiyang'ana nthawi yaitali. Sindinathe kudziwa ngati inali yeniyeni kapena yomata ngati inzake ija. Munthu amene m'mawa ankandikakamiza kuvomera mlandu wosakhala wanga, dzina lake linali m'manja mwanga tsopano. Ndinapinda kalatayo n'kuiika m'kabuku. Nthawi inali 11:40.

*

Ndinawapeza onse awiri, a Mlenga ndi Vitus, mu ofesi ya a Mlenga. Vitus anaimirira n'kundipatsa mpando monga ankachitira masiku onse. Anali bambo wa zaka za m'ma 30, waulemu, woimba bwino m'kwaya ya Amalaŵi, ndipo mkazi wake Getrude ankanditcha amayi.

Sindinawaonetse kalata. Ndinangoti tsambalo linasinthidwa kwa Mutiso pakati pa Lachisanu ndi lero, ndipo amene anasintha ndi Mmalaŵi wamwamuna. Ndinatsegula kabuku n'kupempha kuti aliyense anene komwe anali masiku amenewo.

A Mlenga anafufuma ngati finye. Anafunsa kuti kuyambira liti wotayipa amafunsa bwana wake mafunso. Komabe anayankha. Anati iwo ndi a Sabata, Loweruka anali kutchalitchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndipo anthu mazana atatu anawaona akulalikira. Lamlungu anali paukwati ku Karen.

Vitus anayankha akumwetulira. Anati Loweruka ndi Lamlungu anali ku Utawala, komwe alamu ake akumanga nyumba, ndipo nsapato zake zikadali ndi dothi lakuda la kumeneko. Kenako anatembenukira kwa a Mlenga ngati akufuna kundithandiza. Anati amayiwa asavutike, n'kutheka kuti Mutiso ndi amene wasokoneza ndipo akupeka nkhani.

"Tangoganizani, bwana," anatero. "Munthu akanasindikiza bwanji Loweruka masana, magetsi atazima mpaka 4 koloko?"

Ndinamaliza kulemba chiganizocho. Kenako ndinabwerera m'mbuyo m'kabuku n'kuwawerengera zomwe ndinanena ine polowa, liwu ndi liwu. Munalibe Loweruka. Munalibe masana. Munalibe magetsi.

"A Vitus, muli ku Utawala munadziwa bwanji kuti ku Nairobi West magetsi azima?"

Anati anamva pa wailesi. Ndinamuuza kuti unali mzere umodzi wa mashopu asanu ndi atatu, ndipo wailesi siilengeza mtengo wogwa kuseri kwa butchala. Anati mwina anamuuza ndi mnzake. Ndinamupempha dzina la mnzakeyo, cholembera chili pa pepala. Ndinatinso ngati akufuna, tikwere tonse galimoto tikapereke moni kwa Mutiso, amene wati munthu wa pa benchi uja angamudziwe.

Ndinatulutsa kalata ija n'kuiyala patebulo. A Mlenga ataona dzina lawo pansi pa kalata yomwe sanalembe, nkhope inagwa.

Vitus anakhala pansi. Sanalire, sanapepese. Analankhula motsitsa, akuyang'ana nsapato zake. Anati kontirakiti yake ikutha mu Disembala, ndipo ikatha chilolezo chokhalira m'dziko muno chithanso, ana ake awiri achoke pasukulu. Kuli mkulu wina wa minda ikuluikulu amene sakufuna nyumba yoti izidzafunsa mafunso bilu ya malo ikadzabwera, ndipo munthu wa mkuluyo anamulonjeza ntchito. Dzina anakana kutchula.

"Amayi, Seneti ya Akenya ikutikhudza chiyani ife? Yathu yomwe inafa, ndani analira?"

"Analira ndi bambo amene mwawadulira siginecha," ndinatero.

Ndinkaganiza kuti apa a Mlenga atenga foni kuimbira apolisi. M'malo mwake anadzuka n'kukhoma chitseko ndi kiyi. Anati nkhaniyi ithere m'chipinda muno. Vitus achoka mwakachetechete kumapeto kwa mwezi. Koma zikamveka ku Bomas kuti bungwe lathu lapereka chikalata chachinyengo, otithandiza athawa, ofesi itsekedwa, anthu khumi ndi anayi akhala pa ulova, ndipo Amalaŵi tonse tidzatchedwa akathyali. A Chimwenje auzidwe kuti adwale lero. Anandikankhiranso kapepala kaja, n'kunena kuti kulakwitsa potayipa aliyense amakhululuka.

Ndinawauza kuti zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi nduna zinkabwera kuseri kudzandinong'oneza kuti ndifewetse zomwe zinalankhula m'Nyumba, ndipo sindinasinthepo ngakhale liwu limodzi. Sindikanayambira pa iwo.

"Mukakalowa mu tenti ya ku Bomas ija, Mayi Likongwe, musabwererenso kuno."

"Ndamva. Tsegulani chitseko."

Anazengereza, kenako anatsegula, ine n'kutola kalata ija.

*

Galimoto ya ofesi anatikaniza. Ine ndi a Chimwenje tinakwera matatu ya ku Rongai 1:20, iwo atavala suti yakuda ya mabatani atatu, mawondo atagunda mpando wakutsogolo, nyimbo zikugunda m'mutu. Pafupi ndi bwalo la ndege la Wilson tinaima mphindi makumi awiri chifukwa cha lole yofa. Bambowa sanadandaule. Ankangoyendetsa milomo, kubwereza zomwe akanene. Tinatsika pa mphambano ya Bomas 2:10, ndipo mtunda wotsalawo munthu wa zaka 68 anauyenda mondisiya m'mbuyo.

Komiti inkakumana mu tenti yaikulu yoyera. Titalowa, wapampando, mayi wa imvi ndi magalasi a unyolo, anali atangolengeza kuti mlendo wa ku Malaŵi sanabwere, choncho mlembi awerenge mfundo zake zomaliza kuti zilowe m'kaundula. Mlembi anali atayamba kale mzere woyamba wa tsamba 38.

A Chimwenje sanadikire kupatsidwa mpando. Anaima pakati pa kanjira, anavula chipewa, n'kunena m'Chingerezi chawo cha ku Zomba kuti mlendoyo wabwera, ndipo mawu omwe akuwerengedwawo si ake.

Tenti inadzaza phokoso. Nthumwi ina yonenepa ya kutsogolo inaimirira n'kunena kuti komiti ilibe nthawi ya alendo osintha maganizo ngati bilimankhwe. Siginecha ilipo, nkhani yatha. Ena anawomba m'manja. Wapampando anamenya tebulo n'kufunsa ngati pali umboni.

Ndinapita kutsogolo. Ndinanena dzina langa ndi ntchito yanga. Ndinapempha nthumwi zonse kuti zitsegule tsamba lililonse lomwe zikufuna, zipeze dzina la dziko lathu, ziyang'ane pamwamba pa w, kenako zitsegule tsamba lomaliza. Kwa kanthawi munkangomveka mapepala. Mayi wina kumbuyo anati modabwa, "Haiya." Ndinapereka kalata ya kwa Mutiso, n'kuwerenga m'kabuku kanga zomwe ananena Mama Achieng, zomwe ananena Mutiso, ndi zomwe ananena Vitus. Zomwe ananena a Mlenga atakhoma chitseko ndinawerenganso. Wapampando anandifunsa ngati bwana wanga akudziwa kuti ndili kuno. Ndinati akudziwa, ndipo si bwana wanganso.

Analamula kuti tsamba 38 lichotsedwe m'kaundula, kalata ipite kupolisi, voti idikire mawa. Kenako anapatsa a Chimwenje mphindi makumi awiri.

Analankhula osayang'ana pepala. Anati iwo aonapo bilu ikulowa m'Nyumba m'mawa n'kutuluka madzulo ili lamulo, nduna ikuyang'ana wotchi, aphungu akuwomba matebulo, ndime zina palibe waziwerenga. Anati nyumba yachiwiri si ya angelo, nayo imalakwa, koma ntchito yake ndi kunena kuti taimani, tiwerengenso ndime iyi, tiitane nduna itiuze kuti malowa akupita kwa yani. Boma lililonse limadana ndi womufunsa, koma kwathu timati wakutsina khutu ndi mnansi. Anamaliza ponena kuti iwo anakonza ndondomeko ya nyumba yomwe sinatsegulidwepo chitseko, ndipo sanabwere kudzawauza Akenya chochita, koma kudzawaonetsa malo pomwe ife tinapunthwa. Nthumwi yonenepa ija inatuluka asanamalize.

*

Vitus anamangidwa Lachiwiri. Kalata yanga yondichotsa ntchito inabwera tsiku lomwelo, ndi dalaivala yemwe sanathe kundiyang'ana kumaso. Foni yanga, yomwe inkalira tsiku lililonse ndi nkhani za kwaya ndi maliro a kumudzi, inangoti duu. Mmodzi yekha ndi amene anaimba, kundiuza kuti Amalaŵi kunja kuno sitiperekana.

Lachitatu masana Getrude anabwera kunyumba kwanga. Anakana mpando, anagwada pa simenti pafupi ndi chitseko, chitenje chili m'chiuno. Anati apolisi amuuza kuti mlandu wonse wagona pa kabuku kanga, ndipo ndikanena kukhoti kuti sindinamve bwino, bambo a ana ake atuluka. Anandikumbutsa kuti mwana wake wamkazi ndinamunyamula ine pa ubatizo.

Ndinamudzutsa, ndinamukhazika pa sofa, n'kumuphikira tiyi. Ndinamuuza kuti anawo akhoza kubwera kudzakhala kwa ine nthawi ina iliyonse, ndipo mlandu ukafika pa chilango ndidzaimirira ndekha kupempha woweruza kuti amuchitire chifundo Vitus. Anadikira kuti ndipitirize. Kenako anafunsa za kabuku kaja.

"Mwana wanga, ndinamva bwino," ndinatero.

Anaika kapu pansi tiyi asanamulawe, anamanganso chitenje chake, n'kutuluka osatsanzika. Ndinamuperekeza mpaka pageti ngakhale sanacheuke, ndipo ndinaima pomwepo mpaka anakwera matatu.